Amuna anga sanachire, ine ndikupempherabe

Ukamadwazika matenda a mgonagona, mawu amene umawamva kwambiri ndi akuti, "Muzipemphera mayi." Amanena abale, amanena anzako a pamsika, amanena ngakhale aja ukuwadziwa bwino kuti m'tchalitchi analowamo komaliza tsiku la ukwati wawo. Onse amanena ndi mtima wabwino, sindikuwanyoza. Koma palibe amene amakuuza kuti uzipemphera bwanji miyezi ikamasanduka zaka wodwala ali pamphasa pomwepo, kapena kuti pempherolo ntchito yake n'chiyani ngati machiritso sakubwera. Zimenezi ndinachita kuzifunafuna ndekha, ndipo zochepa zimene ndinapeza ndati ndigawireko anzanga odwazika.

Ine ndimachita geni ya usipa. Ndimapikula kumadoko a ku Msaka ndi ku Malembo, kuyanika pathandala, n'kukagulitsa ku Limbe. Amuna anga anali ndi boti ya injini ndi khoka la chilimira, ndipo nthawi zambiri ankakhala kunyanja ndi alovi awo, anyamata owagwirira ntchito ya usodzi. Kunyumba kuno pa Mangochi boma ankabwera mwezi ukawala kapena mwera ukavuta. Mu 2022 mwera unavutadi, maboti anakhala kumtunda, iwo n'kubwera. M'mawa wina akumwa tiyi, kapu inawapulumuka m'manja. Nditawayang'ana ndinaona pakamwa pakhota, ndipo zimene ankayesa kunena sizinkamveka. Achimwene a nyumba yoyandikana nafe, amene ndi Asilamu, anatinyamula pagalimoto yawo mpaka kuchipatala. Adokotala anati ndi sitiroko, yobwera chifukwa cha BP imene inali isanayezedwepo. Mbali yonse ya kumanja inafa, mawu n'kupita nawo limodzi.

Ndiime kaye pamenepa. Ngati amuna anu apitirira zaka 40 ndipo sanayezetsepo BP, akokeni mupite nawo. Kuyeza kwake sikuchedwa, ndipo BP imadya munthu akuyenda, osamva kupweteka paliponse. Mukaona pakamwa pakhota, mkono walefuka, mawu akukokeka, musayambe n'kuitana abusa. Thamangirani kuchipatala, abusawo akupezani konko.

Kuwodi ndinapemphera monga sindinapempherepo chibadwire. Gadiyani sagona, ndiye usiku wonse unali wanga. Pemphero langa la masiku amenewo linali ngati kunenerera mtengo padoko: Inu mukandipatsa chakuti, ine ndidzapereka chakuti. Mukawadzutsa ndidzagula malata a nyumba ya abusa, ndidzasala Lachisanu lililonse, chakhumi sindidzadumphitsanso. Sindichita nalo manyazi pemphero limenelo. Hana nayenso analonjeza pamene ankalirira mwana, milomo ikugwedera mawu osamveka, mpaka wansembe Eli kumuyesa woledzera. Munthu wothedwa nzeru amapemphera choncho, ndipo ndikhulupirira kuti Mulungu amamva. Vuto lake n'lakuti pemphero lotere silikhala ndi poima zikapanda kutheka. Tinatuluka m'chipatala ndi munthu wochita kumunyamula, ndipo malonjezo anga onse anangokhala pamenepo.

Pasanathe mwezi alamu anga aakulu anabwera ndi mneneri wina amene ankatchuka nthawi imeneyo. Anafika ndi anyamata ake, n'kuzungulira nyumba akufuula, ana a m'mudzi ali mbwee pampanda. Atatha anati matendawa anachita kuponyedwa ndi munthu wina wa kudoko wochitira nsanje chilimira, ndipo kuti atheke pafunika mbewu yolingana ndi kukula kwa vutolo. Anatchula injini. Anasiya botolo la madzi odzozedwa, n'kunena kuti mapilitsi a BP tiwasiye chifukwa akuonetsa kukayika. Ine ndinati madziwo asiyeni, koma mapilitsi amwa, ndipo injini sigulitsidwa chifukwa ndi imene idyetse ana. Mneneri uja anangopukusa mutu n'kuuza alamu kuti wotsekereza machiritso ali m'nyumba momwemo. Alamu ananditembenukira: "Mlamu, ndiye kuti mukukonda injini kuposa mbale wathu?" Mawuwo anayenda mpaka kumudzi kwa apongozi.

Musandimve molakwa. Ndimakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa, ndipo kalata ya Yakobo, mutu 5, imanena momveka kuti wodwala aitane akulu a mpingo amupempherere n'kumudzoza mafuta. Koma fufuzani m'menemo ngati muli mtengo. Elisa anakana mphatso za Namani atachira khate, ndipo Gehazi amene anazithamangira ndi amene anatenga khatelo. Petro anadzudzula Simoni pofuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama. Yesu potuma ophunzira ake kukachiritsa anati analandira kwaulere, apereke kwaulere. Munthu akakuuzani kuti pemphero lake limayenda ndi ndalama, kapena kuti mutaye mankhwala a kuchipatala, mutsegulireni chitseko azipita, ngakhale atabwera naye ndi apongozi anu.

Chimene chinandipweteka kwambiri si nkhani ya injini ayi. Ndi mawu aja akuti chikhulupiriro changa n'chochepa. Mawu amenewa amachotsa matenda pamphasa n'kuwasenzetsa wodwazika. Ukuchapa zofunda zoipitsiridwa m'mamawa, ukumutembenuza munthu pakapita maola awiri alionse kuopa zilonda za pamsana, ukumudyetsa phala pang'onopang'ono kuti lisamutsamwe, ndiye wina wodutsa akuuze kuti akanachira ukanakhala wopemphera bwino. Usiku umayamba kudzifufuza, kukumba machimo a pautsikana, kudzifunsa ngati ndiwe amene wamugoneka. Ndikudziwa amayi amene analeka kupita kutchalitchi chifukwa cha mawu amenewa.

Amene anandichotsa mumtolo umenewu ndi agogo ena a Mvano kumpingo kwathu kwa CCAP, amasiye, amene anadwazikapo amuna awo kalekale. Anabwera Lachinayi lina akuchokera ku Mvano, ali m'bulauzi yawo yoyera. Anavula bulauziyo n'kuipachika pachitseko, kumanga chitenje, n'kunyamula beseni la zofunda kupita nalo kuseri. Ndinayesa kuwaletsa, anandiyang'ana diso limodzi ndinangokhala chete. Atayanika ndi pamene anakhala pansi. Ndinawafotokozera za mneneri uja misozi ikutsika.

Anati, "Mwana wanga, Ambuye Yesu m'Getsemane anapempha kangati kuti chikho chiwapitirire?"

Ndinati katatu.

"Chinawapitirira?"

Ndinati ayi.

"Nanga chikhulupiriro chawo chinali chochepa?"

Sanawonjezepo. Anagwira dzanja lakufa lija la amuna anga n'kupemphera mawu ochepa kwambiri, akulankhula ngati munthu amene akudziwana bwino ndi amene akumuuzayo. Anati Atate mukuwaona anthu anuwa, atopa, akhaleni pafupi usiku uno, ndipo ngati mufuna muwadzutse. Basi, amen. Pambuyo pake ndinakawerenga ndekha za Paulo, amene anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, n'kuyankhidwa kuti chisomo chikumukwanira. Paulo yemweyo, amene anachiritsa ena, analemba kuti mnzake Trofimo anamusiya akudwala ku Mileto. Ndime zimenezi sizimveka kawirikawiri pamisonkhano ya zozizwitsa, koma zili m'Baibulo lomwelo.

Musaganize kuti kuchokera tsiku limenelo zinayenda. Kumapeto kwa 2022 kolera anavuta kwambiri kuno ku Mangochi, makamaka m'madoko, ndipo ine pokhala ndi wodwala m'nyumba ndinaopa kupita kukapikula. Geni inaima, ngongole ya kubanki m'khonde ikukwera. Nthawi imeneyo mawu opempherera anandithera. Ndikagwada ndinkangogona tulo, mutu uli pabedi. Ndikayesa kuyamba, mumtima munkangoti, zonsezi ndinanena kale, Iwo akuzidziwa. Kunena zoona ndinali nditakwiya.

Aliyense wokhala kuno amadziwa kuti kusanache timadzutsidwa ndi azana ya kumzikiti. Kwa zaka zambiri ndinkangotembenuka n'kufunda. Tsiku lina tili pampopi ndinawafunsa akazi a achimwene aja anatinyamula kuti amatha bwanji kuswali kasanu tsiku lililonse, nanga mtima ukapanda kufuna? Anaseka n'kuti, "Achemwali, nthawi ikakwana yakwana. Mtima umatsatira pambuyo." Ife ndi iwo timasiyana pa za Yesu, ndipo tonse timadziwa zimenezo popanda kukangana. Koma mawu awowo anandikumbutsa zimene zilimo kale m'Baibulo lathu. Danieli ankagwada katatu patsiku. Petro ndi Yohane ankapita kukachisi pa ola la kupemphera. Yesu mwini ankalawirira kukadali mdima kupita kwayekha. Ife Akhristu ambiri tinazolowera kudikira kuti mtima utenthe kaye, ndipo wodwazika mtima wake sutentha kawirikawiri.

Ndiye ndinapangana ndi ine mwini. Azana ikamveka ndidzuka, ndiwatembenuza abambo, ndiwapukuta, kenako ndikhala m'mphepete mwa bedi n'kunena Atate wathu wa Kumwamba, kaya ndikumva kanthu kaya ayi. Masiku ena ndinkathera pomwepo. Masiku ena ndinkatsegula Masalimo, ndipo m'menemo ndinapeza anthu olankhula ndi Mulungu mopanda kumunyengerera. Salimo 13 limamufunsa kuti adzandiiwala kufikira liti. Salimo 88 ndi lodandaula kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo limathera mumdima, popanda "koma ndidzakutamandani" kumapeto. Ndinadabwa kuti pemphero lotero analisiya m'buku loyera. Ndinaliwerenga mokweza, mkwiyo wanga n'kupeza podutsira. Ngati muli pamenepo, musadikire kuti mukhale bwino kaye ndiye mupemphere. Muuzeni kuti mwakwiya. Iye amadziwa kale, ndipo Aroma 8 amati pamene sitidziwa chopempha, Mzimu amatipempherera ndi zobuula zosatheka kuneneka.

Pemphero la Ambuye tinaliloweza tili ana ku Sande sukulu, ndipo timalithamangitsa m'tchalitchi mpaka osamva zimene tikunena. Ukamalinena wekha tsiku ndi tsiku mumdima limayamba kukugwira malo osiyanasiyana. Choyamba chimene ndinaona n'chakuti theka lake loyamba mulibemo ine. Muli dzina lawo, ufumu wawo, kufuna kwawo. Zanga zimabwera pambuyo, ndipo zikabwera n'zazing'ono: chakudya chalero. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, thiransipoti ya ku Limbe inakwera, mtengo wa usipa padoko n'kukwera, ogula osawonjezera. Mawu akuti "mutipatse ife lero chakudya chathu chalero" analeka kukhala a pamtima chabe. Ndinkatanthauza ufa wa tsiku limenelo ndi sopo wochapira zofunda. Sindikuuzani kuti ndinapeza thumba la chimanga pakhomo. Ndinayambiranso geni ndi beseni limodzi, mwana wanga wamkazi n'kumawayang'anira bambo ake ndikachoka, amayi a Mvano n'kumasinthana kudzaona. Sitinagonepo ndi njala, ngakhale ndiwo zina zinali zongonyengerera nsima. Ine ndimawerengera zimenezo kuti ndi yankho.

Mawu amene anandivuta ndi a kukhululuka. Alamu aja anatenga chilimira ponena kuti akusungira mbale wawo, ndipo ndalama zake sitinazionepo. Tsiku lililonse ndinkafika pa "monga ifenso takhululukira" n'kumva lilime likulemera. Masiku ena ndinkadumphapo dala. Agogo a Mvano aja anandiuza kuti ndisadzikakamize kumva chikondi, ndingowatchula dzina alamuwo pamaso pa Mulungu n'kuwapemphera zabwino, ngakhale mano ali okukuta. Ndinayamba choncho. Poyamba ndinkati, Atate, alamu anga mukuwadziwa, n'kusiyira pomwepo, ndipo chimene ndinkatanthauza Mulungu yekha ndiye akudziwa. Patapita nthawi ndinayamba kutchula ana awo, kenako BP yawo, poti matendawa amayenda m'magazi. Nkhani ya chilimira inakambidwa ndi ankhoswe, ndipo kukhululuka sikunandiletse kukaima pamenepo n'kunena chilungamo. Anabweza gawo, lina linapita. Chimene chinasintha n'chakuti tinakumana pamaliro ena, ndinawapatsa moni n'kuwafunsa za kunyumba, m'mimba osatentha. Amene sanasungepo chakukhosi sangadziwe kulemera kwake. Ine ndinali ndikusenza wodwala ndi alamu omwe, ndipo pemphero linanditula mmodzi.

Pali malo ena amene ndimawaganizira. Ndikapita kukapikula mbali ya ku Chembe ndimakumbukira kuti pa Cape Maclear pomwepo pali manda a amishoni oyambirira a Livingstonia. Anafika mu 1875 ndi sitima ya Ilala, Dr Robert Laws ali m'gulumo. Anthu amenewo ankapemphera m'mawa ndi madzulo, koma malungo anawatenga mmodzimmodzi, ndipo pofika mu 1881, pamene ankasamukira ku Bandawe, anali atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe. Akanabwera mneneri wathu uja akanati amishoniwo analibe chikhulupiriro. Amene anagona pamenepo anafa asanaone chilichonse cha zimene ankapempha. Lero pitani kumpoto mukawerenge matchalitchi, sukulu ndi zipatala zimene zinachokera mu ntchito imeneyo. Sindikunena kuti pemphero lililonse limayankhidwa mwini wake atafa. Ndikungoti ife timaona kachidutswa kochepa, ndipo amene amafulumira kulengeza kuti Mulungu wakana kapena wavomera nthawi zambiri amalankhula zimene sakuzidziwa.

Tsopano za amuna angawo. Mafizo, masewera a kuchipatala olimbitsa ziwalo, anathandiza. Lero amakhala tsonga, amayenda ndi ndodo kuchoka kuchipinda kufika pakhonde, mwendo akuukoka. Mkono sunabwerere. Mawu amatuluka amodziamodzi, movutikira, ndipo akafuna kunena "madzi" nthawi zina pamatuluka "moto", iwo n'kumenya ndodo pansi chifukwa cha ukali. Munthu amene ankalamula alovi pakati pa nyanja mawu ake kumveka boti ina. M'mawa wina ndikunena Atate wathu monga mwa masiku onse, ndinamva mawu a bambo akunditsatira. Ndinachepetsa liwiro. Anapita nane mpaka kumapeto, mawu onse m'malo mwake, lilime lokha likulemera. Nditamaliza ndinawafunsa ngati akufuna tiyi, ndipo analephera kuyankha. Nyimbo za m'buku nazonso amaimba, mavesi onse, kuposa ine.

Ndinakawafunsa a mafizo, ndipo anandiuza kuti zimenezi zimachitika kwa odwala sitiroko ambiri: mawu oloweza ndi nyimbo ubongo umazisunga mosiyana ndi mawu ongopanga pocheza, ndiye zina zikawonongeka zina zimatsala. Anandilimbikitsa kuti tiziimba nawo chifukwa zimathandiza lilime. Kufotokoza kumeneko sikunandichotsere kalikonse. Kunangondionetsa kuti zimene anawaloweza ku kalasi ali mnyamata, mwina akudandaula, ndi zimene zawatsalira zolankhulira ndi Mulungu pamene zina zonse zapita. Kale ndinkamvera anthu onyoza mapemphero oloweza, kuti Akatolika amangobwereza korona, ife a CCAP timangoyimba za m'buku, pemphero lenileni ndi lochokera mumtima. Lero sindivomera. Aphunzitseni ana anu Atate wathu, Salimo 23 ndi nyimbo, aloweze mpaka zikhazikike.

Mukandifunsa lero kuti pemphero n'la chiyani, ndiyankha monga mayi wa geni, osati monga mbusa. Yesu anati Atate amadziwa zosowa zathu tisanapemphe, ndiye sitipemphera kuti tiwadziwitse nkhani. Ndimapemphera kuti ndisakhale ndekha m'zimenezi, kuti tsiku lisayambe ndi ngongole kapena alamu kapena zofunda, liyambe ndi Iwo. Machiritso ndimapemphabe, tsiku lililonse, mosabisa mawu, ndipo ndikamaliza ndimawapatsa abambo mapilitsi awo. Nehemiya pomanga linga anapemphera n'kuikanso alonda, ndipo sanaone kuti ziwirizi zikutsutsana.

Kwa inu amene mumapita kukazonda odwala, ndili ndi pempho. Musafuule, wodwala sitiroko si gonthi ndipo phokoso limamusokoneza. Musatalikitse, chifukwa wodwazika akudikira kuti mumalize akamusinthe. Musalonjeze m'dzina la Mulungu kuti pofika Lamulungu adzakhala akuyenda, poti Lamulungu likafika inu mudzakhala kwanu, ife tidzatsala ndi munthu wosweka mtima. Mumupemphererenso wodwazikayo, pomutchula, ndipo ngati manja anu ali bwino funsani pamene pali beseni. Koposa zonse mulankhule ndi wodwalayo mwini wake. Anthu ambiri amalowa n'kumandifunsa ine kuti "agona bwanji?" bambo ali pomwepo akumva zonse.

Abusa athu amachita bwino pamenepa. Atabwera ndi akulu a mpingo kudzawapatsa mgonero kunyumba, anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nawo, n'kufunsa, "Bambo, lero tikupempherereni chiyani?" Tonse tinkayembekeza kuti aloza mkono. Anavutika nthawi yaitali, milomo ikunjenjemera, mkulu wina n'kufuna kuwayankhira, abusa n'kumukweza dzanja kuti adikire. Potsiriza anati, "Mwana." Anapuma. "Mayeso." Mtsikana wathu anali pafupi kulemba Fomu 4, ndipo chaka chonsecho ankawerenga atakhala pafupi ndi bedi la bambo ake. Ine sindinkadziwa kuti nkhaniyo ikuwadya mumtima chotero, kuti mwina matenda awo amulepheretsa sukulu. Abusa anapempherera mayesowo, phunziro lililonse kulitchula, bambo akuvomera ndi mutu. Mtsikanayo anakhoza, kupatula masamu, amene akulembanso chaka chino.